Tsitsi limene sindinaluke ine

Chinayamba ndi kapu. Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Julaye, nthawi ya chisanu chong'amba milomo chija. Ndinampatsa mwana wanga wachisamba phala m'kapu yake yapulasitiki, analandira ndi manja awiri monga ndinamuphunzitsira, koma dzanja lamanzere linangotseguka lokha, kapu n'kugwa. Sanalire, sanathawe. Anangoyang'ana phala likuyenderera pa dothi ngati lataya wina. Mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, wapakamwa, amene akataya kanthu ankayamba kudziikira kumbuyo ine ndisanatsegule n'komwe pakamwa, tsiku limenelo anangoti zii.

Ndinamugwira pakhosi, thupi silinali lotentha. Ndisanachotse dzanja anasanza, kusanza kongothovoka, kopanda kudandaula m'mimba.

Ndinakwatiwa kumudzi kwa amuna anga, cha ku Kasenengwa, nditangolekeza sukulu giledi seveni. Nyumba yathu inali moyang'anana ndi ya apongozi, bwalo limodzi, khola limodzi, munda wa thonje umodzi. Ana ndinali nawo awiri, mtsikanayu ndi khanda lamwamuna la miyezi isanu ndi itatu. Dzulo lake, Lolemba, ndinali nditapita ndi khandalo ku sikelo, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo pobwera ndinapeza mtsikana atagona m'nyumba mwa agogo ake dzuwa likadalipo, atavala chipewa chake cha ubweya. Apongozi aakazi anandiuza kuti watopa ndi kusewera, ndimuleke. Anatinso chipewacho ndisamuvule, kuzizira kwa chaka chino n'koipa. Ndinamvera. Ndinali mkamwana womvera.

Sabata imeneyo abambo a pabwalopo anali kalikiliki kulonga thonje, chifukwa lole ya ogula inali kubwera Lachisanu. Kwathu kuno belo amalipachika m'makona ake anayi pa nsichi zinayi zokumbira pansi, munthu n'kulowa m'kati kumapondaponda, ena akuthira thonje. Belo likamadzaza, wopondayo amakwera nalo, mpaka mapazi ake afike pa msinkhu wa mapewa a munthu wamkulu. Apongozi aamuna ankakonda kukweza ana, ati phazi la mwana limalowa m'makona mmene la wamkulu silifika. Ine ndinali nditakana kale za mwana wanga. Ndinawauza amuna anga, osati kamodzi.

Atasanza kachiwiri, bambo ake anati ndi malungo. Anamukweza pa njinga, ine pambuyo ndi khanda kumsana, mpaka ku kiliniki. Bambo wa pakiliniki anamuyang'ana m'maso, anamufunsa pamene pakuwawa, mwana n'kunena kuti mutu. Kenaka anatembenukira kwa ife n'kufunsa ngati mwanayu sanagwe. Ine ndinayang'ana amuna anga, poti Lolemba kunyumba kunali iwo.

"Ayi, sanagwe," anatero.

Sanaphethire, sanameze mate. Ananena ataika chipewa chawo pa bondo, mwaulemu wonse, ngati munthu woyankha pa Misa. Mawu awiri amenewo ndimawamva mpaka lero ndikamasinja, ndikamachapa, ngakhale ndikamagwada kutchalitchi. Bambo uja anatipatsa kolokwini ndi panado, n'kutiuza kuti tibwerenso ngati sasintha. Iyeyo sindimuda. Anafunsa funso loyenera, anthu n'kumunamiza.

Lachitatu mwana anangokhalira kugona. Ukamugwedeza ankadzuka, n'kuyankha mawu amodzi, n'kubwereranso kutulo. Ndikamutulutsa kuti aothere dzuwa ankaphimba maso ndi mkono. Mankhwala ankabweza. Apongozi aakazi anabwera katatu tsiku limenelo, munthu amene sankaponda pakhomo panga popanda chifukwa. Anabwera ndi mbatata yootcha, anaima pakhomo osalowa, anafunsa ngati wadya, n'kumukonza chipewa chija kuti chitseke makutu. Ine ndinagwada n'kuwathokoza. Ndinawathokoza, anthu inu, ndi manja awiri.

Lachinayi cha kumasana ndinali naye pamphasa kuseri kwa nyumba, ndipo anati, ndi mawu aang'ono, "Amama, tsitsi likukoka."

Ndinaika mutu wake pa ntchafu zanga n'kuvula chipewa. Tsitsi limenelo ndinaluka ndekha Loweruka, kukonzekera Misa, mizere isanu ndi inayi kuchoka pamphumi kupita kunkhongo. Ine ndimaluka timizere tating'ono tothina, ndipo kumapeto ndimamanga ndi ulusi wakuda. Koma mizere itatu ya kumanja, pamwamba pa khutu, sinali yanga. Inali yonenepa, yopingasa, yomangidwa ndi ulusi woyera wosomola pa thumba la feteleza. M'mudzi monsemo woluka choncho anali mmodzi yekha. Ndipo panali fungo la mafuta a nsatsi, amene m'nyumba mwanga munalibe.

Ndinamasula mizere itatuyo. Pansi pake panali chotupa chachikulu ngati chikhatho cha mwanayo, chofewa ngati papaya wopsa kwambiri, chala chinkalowa. Pamwamba pake panali mphini zinayi zatsopano zothiridwa mankhwala akuda.

Masiku atatu mwana ali m'manja mwanga, ndikumugwira pakhosi, ndikumugwira pamimba, chipewa osavula. Zimenezo ndi zanga, sindikankhira munthu. Koma amene anakhala pansi, n'kutenga chipeso, n'kuluka tsitsi la mwana wovulala mosamala kuti mayi ake asaone, ameneyo si ine.

Ndinamufunsa pang'onopang'ono kuti chinachitika n'chiyani. Anandiuza modukizadukiza kuti anakwera pa belo, linali litadzaza, nsichi imodzi inapendama, iye n'kugwera pa pulawo imene inali pansi pake. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire.

"Agogo anati ndisanene. Anati mudzawakalipira atate."

Mkamwana kuno saima pamaso pa apongozi aamuna. Umagwada chapatali, umayang'ana pansi, mawu umapereka kudzera kwa wina. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinachita zimenezo osaphonya. Tsiku limenelo ndinanyamula mwana, ndinadutsa pabwalo, ndinakaima pafupi ndi nsichi zawozo, n'kutembenuza mutu wa mwana kuti aone. Pulawo inali pomwepo, sanaisunthe n'komwe. Amuna anga anali m'belo, thonje lili m'mawondo. Apongozi aamuna anali kusoka pakamwa pa belo lina ndi singano yaikulu.

Sindikumbukira zonse zimene ndinanena. Ndikudziwa kuti ndinawayang'ana m'maso, ndipo ndinafunsa kuti mwana wanga ndi thonje lawo cholemera n'chiti. Apongozi aamuna sanakweze mawu. Anati panalibe magazi, ngakhale dontho. Anati mwana anadzuka yekha, analira pang'ono, anadya mbatata, anaseka ndi anzake, ndiye chipatala cha chiyani. Anati iwowo, ana awo onse, anagwapo pa belo ndipo ali moyo. Apongozi aakazi anabwera akupukuta manja n'kunena kuti anamutemera mphini kuti magazi oipa atuluke, ndipo tsitsi analuka kuti mphepo isalowe pachilonda. Amuna anga anaweramitsa mutu. Anangoyang'ana mapazi awo m'thonjemo.

Khanda ndinalimanga kutsogolo, mtsikana kumsana, miyendo yake ikundimenya m'ntchafu, ndinauyamba wa kumsewu waukulu. Ndinali nditadutsa dimba lachiwiri pamene ndinamva njinga pambuyo. Anali amuna anga, koma sindinawalankhule. Ndinangowapatsa mwana kuti tifulumire. Kumsewu tinaimitsa kagalimoto kotsegula kumbuyo kodzaza matumba a mtedza, ndipo njira yonse mpaka ku Chipata ndinaika dzanja langa pansi pa mutu wake kuti usagunde chitsulo, ndikumuitana kuti asagone. Titayamba kuona mapiri a m'tauni anali atasiya kuyankha.

Kuchipatala anamujambula eksire. Dokotala anali bambo wachikulire wa imvi m'mbali, wolankhula Chinyanja chathu chomwechi. Anakweza chithunzi chija pa windo n'kutisonyeza kamzere kopyapyala ngati mng'alu wa pa mbale yadothi. Anati fupa lang'aluka, koma chimene akuchiopa si fupa, ndi magazi amene angakhale akuunjikana m'kati n'kumakankha ubongo, ndipo eksire magazi siiwaona. Anatenga tochi yaing'ono, anatsegula maso a mwana, n'kundiitana kuti ndione ndekha. Kakuda ka pakati pa diso lamanzere kanachepa tochi itawala. Ka kumanja kanangokhala kakakulu ngati nyemba, osasuntha.

Anafunsa kuti mwanayu anagwa liti.

"Dzulo, bwana," anatero amuna anga.

Pamenepo, mwana ali gone pamaso pawo, diso lili chomwecho, anali kuwerengabe za manyazi awo.

"Lolemba, adokotala," ndinatero ine. "Anagwa Lolemba masana, pa pulawo, mbali ya kumanja. Anabisa. Lero ndi tsiku lachinayi."

Dokotala sanawayang'anenso amuna anga. Kuyambira pamenepo ankalankhula ndi ine ndekha. Anati ayenera kuboola fupa kuti magazi atuluke, ndipo ayenera kutero dzuwa lisanalowe. Anati alibe chomuonetsa pamene magaziwo ali, adzatsata diso, chotupa ndi mng'alu uja, ndipo akapanda kuwapeza adzaboola pena. Anabweretsa pepala loti tisaine kuvomereza opaleshoniyo. Nesi anali kupereka cholembera kwa bambo, ine n'kuchilanda. Giledi seveni yanga inagwira ntchito tsiku limenelo.

Ndinaona akumumeta. Mizere yanga isanu ndi umodzi inagwera pansi, nesi n'kuisesa.

Tinadikira pa benchi panja. Amuna anga anakhala kumapeto kwina, ine kwina, khanda likuyamwa bere lopanda kanthu. Anayesa kundiuza kuti ankaopa phokoso, kuti atate awo ndi amene anati tingodikira lole ipite ndiye tione. Ndinawauza kuti asandilankhule mpaka chitseko chija chitatseguka. Chinatseguka mthunzi wa mtengo utafika pa khonde. Dokotala anati anawapeza pa bowo loyamba, magazi oundana akuda ngati chiwindi, okwana kudzaza kapu yaing'ono ya tiyi. Anati akanachedwa tsiku lina limodzi sakanakhala ndi choti achite.

Mwana anatsegula maso tsiku lachiwiri. Mawu ake oyamba anapempha madzi. Tinakhala m'wodi masabata atatu, ine ndikugona pansi pa bedi lake ndi khanda.

Koma mwana amene ndinatuluka naye si amene anapita ku Misa ndi mizere isanu ndi inayi uja. Dzanja lamanzere linali lolefuka, mwendo ankaukoka pang'ono. Ukamutuma mchere ankafika pakhomo n'kuima, atayiwala. Tsiku lotuluka ndinalimba mtima, ndinamutsatira dokotala pakhonde n'kumufunsa ngati magazi onse anatuluka, nanga bwanji mwana akadali chonchi.

Anaima, anandiyankha ngati munthu. Anati amene anali pansi pa fupa anawachotsa. Koma mutu ukagunda chitsulo, nthawi zina timitsempha ta m'kati mwenimweni mwa ubongo timaduka, n'kusiya timadontho ta magazi tating'ono ngati mapira, tobalalika, ndipo timeneto iye sangatione, sangatifikire. Mwina tilimo, mwina mulibe, mwina ndi masiku anayi aja ubongo uli wopanikizika. Sakudziwa. Anati kumaiko ena kuli makina okhala ndi maginito aakulu, munthu amagona pa kabedi n'kulowa m'kati ngati mu mgolo, osadulidwa, osabayidwa, ndipo amajambula ubongo magawomagawo ngati mmene timadulira buledi. Magazi ali ndi chitsulo m'kati mwake, anatero, ndipo akatayikira mu ubongo chitsulocho chimatsalira pomwepo, maginito aja n'kuchizindikira. Pa chithunzi pamaoneka kadontho kakuda, ngakhale patapita miyezi. Amathanso kusiyanitsa magazi a dzulo ndi a sabata yatha.

Ndinamufunsa ngati makinawo angathe kunena tsiku limene mwana anagwa, ngakhale anthu akane. Anati tsiku lenileni ayi, koma sangalole kuti za Lolemba zikhale za dzulo.

Ndinafunsa kuti ali kuti, ndipite. Anati kuno kulibe, ngakhale ku Lusaka kulibe, apafupi ndi a ku Joni. Ndinamupempha kuti andilembere dzina lake. Analemba zilembo zitatu kuseri kwa khadi la mwana, M, R ndi I.

"Kuno, mayi, makina athu ndi tochi iyi ndi pakamwa pa makolo," anatero. "Tochi payokha imachedwa."

Khadi limenelo ndili nalo m'chitini cha makadi a ubatizo. Nthawi zina ndimalitulutsa n'kuyang'ana zilembo zitatuzo, ndipo mtima umandiwira. Pali chinthu pa dziko lomwe lino chimene chingayang'ane m'mutu mwa mwana wanga n'kundiuza chimene chatsalamo, ngati adzachira, ngati ndimukakamize sukulu kapena ndimuleke. Ana a anthu ena amalowamo. Wanga sadzalowamo. Ndimakwiyira Joni, kumene sindinafikeko, ndimakwiyira maginito. Koma ndikakwiya mpaka kutopa ndimabwerera pomwe paja. Lachiwiri lija pa kiliniki sipankafunika makina. Pankafunika munthu wamkulu, wobatizidwa, bambo wa mwana, kunena kuti inde, anagwa.

Titabwerera kumudzi apongozi anapereka Misa yothokoza. Anthu anabwera kudzationa, aliyense Mulungu ndi wabwino, Mulungu ndi wabwino. Ndi wabwinodi. Koma panalibe amene anati tinalakwa. Apongozi aakazi anafika pouza amayi a m'mphakati kuti mphini zawo ndi zimene zinamusunga mwana mpaka kufika kuchipatala. Ndinapita kwathu ku Chiparamba kukauza amalume kuti ndikufuna kubwerera ndi ana anga. Anandimvera mpaka kumapeto, n'kundikumbutsa kuti ng'ombe za malowolo zinalowa m'khola, ana ndi a kuchimuna. Ine ndikhoza kubwera, ana ayi. Ndiye ndinabwerera, chifukwa kusiya ana pa bwalo limenelo sindikanatha.

Chaka chinatha. Mtsikana anayamba giledi wani, sileti yake ikugwa m'manja, aphunzitsi akuti ndi waulesi mpaka ndinapita kukawasonyeza chipsera. Tsitsi linamera n'kuphimba bowo lija. Mlongo wake uja anayamba kuyenda, wokwera paliponse, pa mtondo, pa ngolo, pa khola. Julaye atafika ndinadzuka m'mawa wina n'kupeza nsichi zinayi zakumbiridwa pamalo pomwe paja, ndipo ndinamva apongozi aamuna akuuza ana a mlamu wanga kuti akadya abwere, kuli ntchito ya mapazi aang'ono. Mtsikana wanga anaimirira kuti atsatire anzake. Anali atayiwala. Zimenezonso anayiwala.

Ndinamukhazika pa mtondo pakati pa bwalo, pamene aliyense angaone. Ndinatenga sopo, madzi ndi lezala latsopano, ndinamumeta mpala. Chipsera chinatuluka poyera, chopindika ngati chikwakwa, pakati pake polowa. Ndinametanso mlongo wake. Kuno anthu amameta chomwecho akachoka ku maliro, ndiye apongozi aakazi anatuluka akuthamanga, chitenje chili m'manja.

"Mwayamba kutilodza, amake mwana? Mukumeta maliro a yani?"

"A amene munafuna kundiikira chaka chatha, amayi," ndinatero. "Pa mitu iyi simudzalukanso kanthu."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga nkhwangwa ya amuna anga, ndinapita pa nsichi zija. Zinali za mtengo wouma, sizinavute. Ndinadula yoyamba, yachiwiri, belo lopanda kanthu n'kugwera pansi. Apongozi aamuna anaitana mwana wawo kuti agwire mkazi wake. Amuna anga anabwera, anaima patali pang'ono, anayang'ana nkhwangwa, anayang'ana mutu wa mwana wawo pa mtondo paja, ndipo sanasunthe. Ndinamaliza zinayi zonse n'kuziunjika ku khitchini kwanga.

Nditatero ndinagwada, chapatali, monga mwa mwambo, ndinayang'ana pansi, n'kuwauza apongozi kuti thonje lawo ndilonga ine. Ndinagoneka belo pansi, ndinalowetsa thonje ndi manja, ndinasindira ndi musi mpaka m'makona. Linanditengera tsiku lathunthu belo limodzi, mapewa anatupa, ndipo apongozi anadandaula kuti mabelo anga ndi ofewa, adya malo mu lole. Anadandaula sabata yonse. Ndinawalongera onse asanu ndi awiri. Ana a mlamu wanga anakhala pansi kumandipatsira thonje, palibe amene anakwera.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndimawameta onse awiri. Mtsikana amalira, amafuna mizere ngati anzake, ndipo ndamulonjeza kuti akadzakula adzaluka. Akabwera kosewera, asanadye, amabwera pa ntchafu zanga mmodzimmodzi. Ndimayendetsa zala kuchoka pamphumi mpaka kunkhongo, kuseri kwa makutu onse awiri, ndimawatembenuzira ku dzuwa n'kuyang'ana kakuda ka m'maso, kumanja ndi kumanzere. Ndikatero ndimafunsa ngati wina wagwa lero, ndiponso ngati pali wamkulu amene wawauza kuti asanene kanthu kwa amama. Ndinawauza kuti chimene wamkulu wati usanene, ndicho choyamba kundiuza. Akayankha, ndimawapatsa madzi osamba m'manja.